Mmene agogo anu anasiyira nsima

Zaka zija zipani zitachuluka, mafoni a m'manja atayamba kufika ngakhale kuno ku Rumphi, agogo anu aamuna, a Gondwe, anali atapuma pa ntchito yauphunzitsi ndipo anali atawapeza ndi matenda a shuga. Ankamwa mapilitsi m'mawa uliwonse koma nsima ankadya ngati wina aliyense, pakuti kale, ana inu, munthu akakana nsima tinkadziwa kuti wadwala.

Ndiye kunabwera mwana wathu Wongani, amalume anu aja, kuchokera ku Mzuzu. Tikudya, anakankha mbale ya nsima n'kutenga mazira ndi peyala basi.

"Adada, pali njira yatsopano," anatero. "Musiye nsima, mbatata, chinangwa ndi nthochi, muzidya nyama yonona, mazira, mtedza ndi masamba. Thupi likasowa zinazo limayamba kudya mafuta ake, ngati la munthu wodya pang'ono, ndipo akuti odya pang'ono amakhalitsa. Anayesa pa mbewa."

"Mbewazo kwathu ku Dowa ndi ndiwo," ndinatero ine. "Zayamba liti kutiphunzitsa kudya?"

Onse anaseka, koma ine mtima sunakhale m'malo, chifukwa chaka cha njala ndinawaona anthu odya kamodzi patsiku, ndipo ena tinakawaika.

Agogo anu ankakhulupirira za ophunzira, moti anayamba tsiku lomwelo. Posakhalitsa anaboola bowo lina pa lamba, m'kamwa mwawo munkamveka fungo ngati la zipatso zowola, ndipo akadzuka pampando ankayamba agwira khoma. Ndikawafunsa ankangoti ali bwino: "Ndili makora chomene, thupi likuzolowera." Kutchalitchi anthu anayamba kunong'onezana, poti zaka zimenezo munthu akaonda msanga aliyense ankaganizira matenda a kachilombo aja, ndipo amayi ena ankandipatsa moni ngati wamasiye kale.

Lamulungu lina agogo anu akuwerenga Mawu kutsogolo, lilime linayamba kulemera, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, kenaka anatsetsereka n'kukhala pansi. Mayi wina amene kale anali namwino anathamanga, nawamwetsa madzi a shuga adakali kutha kumeza, ndipo tinawatengera kuchipatala ku Boma.

Dokotala atamva zonse anafunsa, "Mapilitsi mukumwabe monga kale?"

"Sindinaphonyepo," anayankha agogo anu.

"Ndiye vuto lake. Mankhwalawo amatsitsa shuga, ndipo inu zakudya zomukweza munasiya."

Sananene kuti Wongani ananama, ayi. Anati ena kadyedweko kamawathandiza, koma dokotala amayenera kudziwa kuti asinthe mankhwala, ndipo zoti kamatalikitsa moyo wa munthu palibe amene watsimikiza. Wongani anafika madzulo, nakhala pambali pa bedi, ndipo bambo ake anamugwira dzanja n'kumuthokoza kuti, "Unkafuna ndikhalitse, mwana wanga. Yewo."

Agogo anu anakhala nafe zaka zina ndithu, akudya kansima kakang'ono ndi masamba ambiri. Kaya kuchepetsako kunawawonjezera masiku, kaya ayi, ine sindidziwa.

Lero ndikakuonani mukusiya chakudya chifukwa foni yatero, ndimakumbukira Lamulungu lija. Sindikukuletsani kuphunzira zatsopano, adzukulu anga, koma musanasinthe kadyedwe, makamaka ngati mukumwa mankhwala, yambani mwakafunsa kuchipatala, ndipo munthu wa m'nyumba mwanu akakuuzani kuti simukuoneka bwino, mumvereni.