Thumba la Mchenga pa Machira

Kale lija, ku Nsaru kusanabwere maminibasi, munthu akafuna kupita ku tauni akudikira lole ya fodya kapena kupalasa njinga mpaka ku Njewa, ine ndinali kopolo ku usilikali, mnyamata wamphamvu koma wapakamwa. Pitirizani kusankha fodyayo, kumvetsera sikufuna manja. Ndakumvani m'mawa muja mukuseka mlongo wanu Tadala, ati ndi msilikali wanji wongokhala pa kompyuta, kuwerengera nkhondo imene sinachitike, mfuti osaigwira. Inenso ndinasekapo munthu wotero, ndipo kuti lero ndili nanu m'chigafa muno, ndi mwendo wotsimphinawu, n'chifukwa cha iyeyo.

Anali a Lefutenanti Nkhoma, koma ife tinkawatcha Bwana Wotchi, chifukwa m'khosi mwawo munkalendewera kawotchi kodina, ndipo kabuku sikankachoka m'manja. Munthu woonda, wamagalasi, pa perete ankaguba ngati akuopa kuponda mazira. Ntchito yawo inali yakuti akuluakulu asanagamule kuti asilikali adzera njira iti, atenga madzi ochuluka bwanji, dokotala akakhala pati, iwo aziyamba ayesa, awerengere, kenako akanene kuti mukachita chakuti, chotsatira chake n'chakuti. Masiku ano a Tadala amangodina, makina n'kuwerengera okha, koma nthawi imeneyo kunali wotchi, pensulo, ndi misana yathu.

Chaka chimenecho tinkakonzekera kutumizidwa kunja kwa dziko, kumene kunali nkhondo, kukalondera msewu. Anatibweretsa kuno kwathu, chakumadambo a ku Kabudula, ati dothi lake likufanana ndi la kumene tikupita, makande aja oti mvula ikagwa ngakhale ngolo imatitimira mpaka ng'ombe kugwada. Funso limene linawasowetsa tulo a Nkhoma linali limodzi. Galimoto ikakanika kulowa m'matope, munthu wovulala anyamulidwa pamanja, ndipo dokotala anali atawauza kuti munthu wotaya magazi sadikira. Tsono tenti ya dokotala ikhale patali bwanji kuti wovulalayo akafike akupuma?

Anadzaza thumba ndi mchenga, n'kukaliyeza pa sikelo ya kusitolo ya Che Amini, aja ankagulitsa mchere ndi palafini pa Nsaru, mpaka litalemera ngati munthu wamkulu. Analigoneka pa machira, n'kusankha anthu anayi, ine, mnzanga Layisoni, ndi ena awiri, ati tizinyamula kuchokera pa mkuyu, kudutsa dambo lonse, mpaka pachulu cha kutsidya, iwo atakhala pachulupo ndi wotchi yawo.

Ana inu, mchenga ndi wolemera, koma manyazi amaposa. Thumbalo analifunditsa bulangeti, ndiye amayi amene ankalima m'mbali mwa dambo atationa anasiya makasu n'kugwada, poyesa kuti ndi maliro. Pakati pawo panali apongozi anga, amayi awo a agogo anuwa. Atazindikira kuti mkamwini wawo, amene ankamutamanda mudzi wonse kuti ndi msilikali, akubuula ndi thumba la mchenga, anaseka mpaka kudzigwira nthiti. Tsiku loyamba tinapirira, lachiwiri mapewa anasupuka, koma lachitatu mtima unandipsa. Titafika pamabango pamene a Nkhoma sankationa, ndinati, "Amwene, tifere mchenga ife?" Ndinamasula thumba, kukhuthula theka, n'kuphatikamo udzu. Musamunamizire Layisoni, nzeru imeneyo inali yanga.

Tinafika pachulu tikuthamanga ngati agwape. A Nkhoma anadina wotchi, anayang'ana, anayang'ananso, nkhope n'kuwala. "Mwazolowera tsopano, anyamata. Mwachita bwino kwambiri." Tinabwereza chinyengocho masiku ena awiri, iwo akulemba mosangalala, ife tikutsinana.

Tsono ku kampu anali ndi tebulo lalikulu lothira mchenga, pamene ankaumba dziko la kumene tikupita, mapiri ake, mitsinje ya ulusi, msewu wa phulusa. Njere za chimanga zinali asilikali, ndipo nyemba imodzi yofiira inali tenti ya dokotala. Anandiitana kuti ndiwathandize kuumba madambo, poti ndine mwana wa kudambo. Ndikusalaza mchenga choncho, ndinaona atola nyemba ija n'kuisunthira kumbuyo, kutali ndithu, kuseri kwa phiri.

Ndinati, "Bwana, dokotala mukumuthawitsiranji?"

"Si inu mwandipatsa mpata, Kopolo? Poyamba ndimaopa, koma liwiro mwaonetsa lija, akhoza kukhala kuno kotetezeka, wovulala n'kufikabe nthawi yabwino. Mawa ndikukawaonetsa bwana wathu wamkulu, a Mtsamunda."

Ndinayang'ana mtunda wa pakati pa chimanga ndi nyemba, unali ngati chikhatho chimodzi basi, koma ine amene ndinaponda matope ndinadziwa kuti chikhatho chimenecho ndi manda a munthu. Ndinatuluka n'kukawauza anzanga aja, chakudya chamasana chinandikanika. Layisoni anati, "Iwe khala chete, ukaulula tonse tikagona m'chitokosi." Ndipo sankanama, kunamiza bwana masiku amenewo sikunali kosewera, akanatha kundivula ukopolo pamaso pa gulu lonse. Koma paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzuwa lisanapendeke ndinabwerera, ndinaimika sawasha, ndinanena zonse.

Ndinkadikira kukalipiridwa. Iwo anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anatsegula kabuku n'kung'amba masamba atatu, pang'onopang'ono.

"Kopolo, mukanandinamiza ine ndekha, sindikanadandaula. Mwanamiza munthu amene adzagone pa machirapo."

"Ndani ameneyo, bwana?"

"Sindikumudziwa. Inunso simukumudziwa."

Sanatinenere kwa aliyense, ndipo zokaonetsa kwa a Mtsamunda anayamba aziimitsa. Chilango chathu chinali kuyambiranso, thumba lodzaza, iwo akuyenda pambali pathu m'matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi inatsalira komweko. Nthawi imene inatuluka inali yoipa, ndipo ndinawaona akuluma pensulo. Anandifunsa kuti, "N'chifukwa chiyani mumatula pansi kawirikawiri? Nthawi yambiri ikuthera popuma, osati poyenda."

Ndinati, "Manja amafa, bwana. Tilipo anayi okha. Kwathu kuno maliro sitinyamula choncho."

"Mumanyamula bwanji?"

Inu mukudziwa, mwaonapo, ngakhale masiku ano mwayamba kukweza bokosi pa galimoto ngati katundu wa kumsika. Ndinawafotokozera kuti bokosi likachoka pakhomo silikhudza pansi mpaka kumanda, amuna amayenda m'mbali, wina akangoona mnzake watopa amalowetsa phewa, winayo n'kutuluka, ulendo osaima. Munthu wina wasukulu akanati zakumudzi izo. Koma iwo anandiyang'ana ngati ndawapatsa ng'ombe. Mawa lake anawonjezera anthu anayi, tinakhala asanu ndi atatu, kulandizana tikuyenda, ndipo anatiyesa kambirimbiri, kumvula ndi kudzuwa, chifukwa tsopano sankakhulupiriranso nambala ya tsiku limodzi.

Tsiku lokaonetsa kwa a Mtsamunda, amene anali mkulu wa gulu lathu lonse, ine ndinalipo, nditagwira ndodo yolozera. A Nkhoma anapempha zinthu ziwiri, kuti tenti ya dokotala isendere pafupi, ndiponso kuti gulu lililonse lokalondera msewu likhale ndi machira awiri, aliwonse ndi gulu lake la onyamula asanu ndi atatu.

A Mtsamunda anagunda tebulo mpaka phiri lina linagumuka. "Nkhoma, ukufuna undichotsere asilikali onsewo pa mfuti chifukwa cha munthu mmodzi? Nanga msewu alondera ndani, agogo ako?"

Munthu tinkamuyesa wamantha uja sanabwerere m'mbuyo. Anatola njere imodzi ya chimanga, anaigoneka, n'kuyamba kuiyendetsa pamchenga, akutchula nthawi pa mtsinje uliwonse. Asanafike pa nyemba anaima n'kunena kuti, "Ndi anthu anayi, bwana, munthu wanu wafera apa." Anabwereza ndi asanu ndi atatu, njere inafika. A Mtsamunda nawonso sanali olakwa, anthu anali ochepadi, ndipo msewu wopanda mlonda ukanaphetsa ambiri. Anagamula kuti tenti isendere, koma onyamula likhale gulu limodzi lokha. A Nkhoma anaimika sawasha, chifukwa wowerengera amalangiza, wogamula ndi wina.

Tinapita kunja kuja, ndipo miyezi inadutsa osamva ngakhale kulira kwa mfuti, mpaka tinayambanso kuwaseka a Nkhoma. Koma tsoka silinunkha. M'mawa wina, mvula itagwa sabata yathunthu, tikuyendera msewu, mfuti zinalira kuchokera m'tchire. Ndinangomva ngati wina wandimenya ndi mpini pantchafu, ndipo poti ndidzuke, mwendo unakana. Pafupi nane panagwa mnyamata wina, Mavuto, wochokera ku Nambuma, iye chipolopolo chinamulasa pamimba. Galimoto inali itatitimira kutali. Machira anali amodzi. A sajeni anayang'ana magazi anga mmene ankathamangira, anandimanga lamba pantchafu, n'kunena kuti, "Yambani ndi kopolo, mubwerere Mavuto."

Za ulendowo ndimakumbukira mitambo ikugwedezeka, ndi mawu a Layisoni akuti, "Lowa! Tuluka! Lowa!" Sindinakhudze pansi ngakhale kamodzi. Dokotala anadzandiuza pambuyo pake kuti magazi anatsala m'thupi mwanga anali osadzaza ndi mphika wa ndiwo womwe, ndipo tenti ija ikanakhala kuseri kwa phiri, kumene bodza langa linaipititsa, akanalandira mtembo. Anyamata aja anabwerera akuthamanga, otopa choncho, koma Mavuto anamupeza atatisiya.

Patapita masabata, ndili m'chipatala kuno kumudzi, ndinaona munthu woonda akulowa m'wodi, atanyamula nthochi. Ndinayesa kudzuka, misozi ili mbwembwembwe, ndinagwira dzanja lawo ndi manja anga onse awiri.

"Bwana, zikomo. Moyo wangawu ndi wanu."

Anapukusa mutu. "Muthokoze amene anakunyamulani. Ine ndinalephera, Kopolo. Ndikanafotokoza bwino tsiku lija, mwina akanandipatsa gulu lachiwiri."

Ndinawauza kuti munthu sangatseke mabowo onse a denga mvula ili mkati, koma sanatonthozeke. Anakhala pamphepete pa bedi, n'kundifunsa ngati ndili ndi mphamvu zoyankha mafunso, chifukwa gulu lina linali pafupi kunyamuka, ndipo ankafuna kukaimanso pamaso pa a Mtsamunda. Anandifunsa kuti lamba anamanga nthawi yanji, anandidutsitsa mitsinje ingati, ndinayamba kuzizidwa tili pati. Ndinayankha chilichonse moona, ngakhale zochititsa manyazi, zoti kopolo wathunthu ndinkalira ndikuitana amayi anga. Gulu lotsatiralo linapita ndi machira awiri.

Ndiye ana inu, m'moyo muno mudzakumana nawo anthu a mafunso otopetsa, wina adzafuna kudziwa kuti kuchipatala mumayenda nthawi yaitali bwanji, wina kuti chitsime chimauma mwezi uti, wina kuti mlatho umasefukira kangati. Musamuyankhe mongomuchotsa, ndipo musakometse kuti akuyamikireni. Simudziwa kumene yankho lanu likupita, ndiponso amene adzalidalire tsiku loipa. Ine ndinapatsidwa zaka zonsezi, ndaona ana, ndaona inu, ndipo ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Koma chaka chilichonse tikakolola ndimapita ku Nambuma kukaona mlongo wake wa Mavuto, ndipo mpaka lero akandifunsa kuti mchimwene wake ananena chiyani pomaliza, ndimamuuza zoona, kuti sindinamve, chifukwa ine ndi amene ndinali pa machira.