Mtedza Umene Unadyedwa Pamaliro

Akhristu anzanga, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse m'dzina la Ambuye Yesu, atamandike lero, mawa ndi mkuja womwe. Ine ndine Agnesi wa cha ku Mbulumbuzi, ambiri mumanditchula amake Marita. Mukudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa, koma lero ndiyesa kufatsa. Ndikufuna ndikuuzeni mmene mwana wanga Marita anatsala pang'ono kundichoka m'manja chaka chija cha njala yaikulu, ndi mmene Mulungu anamupulumutsira ndi kanthu kamene ine mwini ndinkakaseka.

Kuti mumve bwino, ndiyambire pa malemu amuna anga, a Petulo. Asanandikwatire anagwirapo ntchito yolima pa munda wa boma woyesera mbewu. Kumeneko anaona azungu akuzula mtedza tsinde limodzilimodzi, lililonse n'kuliika m'kathumba kake. Ankaufinya m'makina kuti aone tsinde la mafuta ambiri, ndipo mbewu ankatenga pa lomwelo. Atabwera kudzakhala chikamwini kwathu, a Petulo anafika ndi khasu, bulangete ndi nzeru imeneyo basi. Makina analibe, ndiye anapeza njira yawoyawo.

Mtedza ukauma, ankakhala pakhonde ndi timitolo, tsinde lililonse lomangidwa palokha ndi luzi. Ankaswa mtedza umodzi, kubaya njere yake pa sipoko ya njinga, kuiyatsa ndi chikuni cha moto, n'kuyamba kupemphera. Njere wamba inkazima akangomaliza Atate Athu. Ina inkayaka mpaka pakati pa Tikuoneni Maria. Tsinde limene njere yake yayaka nthawi yaitali ankalipatula kuti likhale mbewu, lidzadzalidwe mzere wakewake. Enawo ndiye anali odya.

"Akazi anga," ankatero, "mwana amatsata make. Mukadzala wamafuta mukolola wamafuta, ndipo mwa anawo mudzapezeka wina woposa make. Ameneyo ndiye tikumufuna."

Ine ndinkangowomba m'manja. "Abale inu! Anzanu akuwotcha mtedza kuti adye, inu mukuwotcha kuti mupemphere. Kodi makandulo atha kutchalitchi?" Anthu a m'mudzi anafika powapatsa dzina, ankati a Nyali. Iwo sankakwiya, ankangomwetulira n'kubaya njere ina. Koma zaka zitapita pakamwa panga panayamba kuchepa. Mtedza wawo unali waung'ono, wofiira, wosagwira maso. Ukauika mumtondo nsinjiro zake zinkagwirana ngati chiponde usanafune n'komwe, ndipo ukaukanda ndi madzi ofunda n'kufinya, mafuta ankayenderera pakati pa zala.

Chaka china mvula ili pafupi, pakhomo panafika mayi wina wachilomwe, mwana kumbuyo, kufuna ganyu. Anali atangowoloka kumene kuchokera kwa Apwitikizi, Chinyanja chake chodukaduka. Anati tizimutchula amake Luwizi. Anapeza a Petulo ali pa ntchito yawo ija, iye n'kunjuta pambali, kuyang'ana mpaka kumapeto osaseka. Amuna anga, amene kwa zaka anasowa munthu wosawaseka, anamufotokozera zonse, kenaka anamudzazira mbewu m'kansengwa. Mayiyo anafunsa kuti alipira chiyani.

"Mbewu sagula, mayi, amabwereka," anayankha a Petulo. "Mudzabweza mukadzakolola."

Analowera cha ku Milepa, osamvekanso. Ine mumtima ndinati, yapita imeneyo, akakazinga panjira.

Ana athu awiri oyamba anatisiya ali makanda. Marita anabwera mochedwa, titataya kale mtima, ndipo bambo wake sanamudyerere. Mwanayo asanayambe kukwawa, a Petulo anadwala chibayo, masiku owerengeka basi n'kutisiya. Inali nthawi ya chilimwe, titakolola kale. Mbewu yawo yonse, yosankhidwa kwa zaka zonse zija, inali mumtsuko womata pakamwa ndi dothi, pansanja m'nyumba.

Mwambo wathu mukuudziwa. Namfedwa amakhala pansi pafupi ndi maliro, sadzuka, safunsa za kukhitchini. Anthu anabwera ambiri, ndiwo zinachepa. Achemwali anga aakulu, pofufuza chotendera mfutso, anaupeza mtsuko uja n'kuumatula. Ine ndili m'nyumba ndinangomva mtondo kuseri. Mtedza wamba umalira mouma, koma wa a Petulo unkalira mofewa, munsi ukuchita kukakamira. Ndinadziwa pomwepo. Mtima unandiuza kuti dzuka, thamanga, koma ndikanadzuka bwanji? Mkazi kusiya mtembo wa mwamuna wake kukalimbana ndi mtedza! Anthu akanati uyu analibe naye chikondi, mwina wamudya ndi iyeyo. Ndinangokweza mawu kulira, anthu n'kumati taonani mmene ankawakondera amuna ake. Ndinkawaliradi, koma ndinkaliranso ntchito ya manja awo imene inkasinjidwa ndikumva.

Achemwali sindiwaimba mlandu. Kudyetsa anthu pamaliro ndi ulemu, ndipo kwa iwo mtedza unali mtedza basi. Tsiku limenelo anthu anayamikira ndiwo, ena mpaka kunyambita zala.

Dzinja limenelo ndinadzala mbewu zopempha. Mvula inagwa, mbewu zinamera bwino, kenaka kumwamba kunangoti mbee. Chimanga chinapsa chili m'mawondo, mtedza unauma usanachite maluwa. Amene munalipo mukukumbukira zimene zinatsatira. Tinadya gaga, tinadya mango osakhwima, tinakumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Mawere anga anauma. Marita anali atayamba kuyenda, koma anasiya. Miyendo inatupa, tsitsi linafiira n'kumathothoka, ndipo choopsa kwambiri, analeka kulira. Ankangondiyang'ana ndi maso aakulu ngati munthu wamkulu amene watopa ndi kufunsa.

Pamwamba pa zimenezo anthu anayamba kunong'ona kuti ndi tsempho, kuti kapena namfedwayu wayamba kuyenda njira zachilendo. Mayo ine! Munthu wosowa ndi mphamvu yokatunga madzi, njira zachilendozo ndikanaziyenda ndi miyendo iti? Zinandiwawa kuposa njala. Ndinabereka mwana wanga n'kuyamba ulendo wapansi wa ku chipatala cha mishoni ku Nguludi.

Asisitere amene anamuona anadina mwendo wake ndi chala, dzenje n'kutsala. Anati, "Amayi, si tsempho ili, ndi njala. Mimba yake yachepa, phala lamadzi lokha silingamudzutse. Akufunika chakudya chochepa koma champhamvu, monga mkaka, mazira, nsinjiro kapena mafuta." Ankatigawira zimene anali nazo ndi mtima wonse, koma ana otupa anali mbwee pakhonde ponse, ndipo kamkaka kanali kongolawa.

Nsinjiro! Nditamva mawu amenewo ndinaseka kuseka koipa, kwa munthu amene misozi yamuthera. Mankhwala a mwana wanga anali m'nyumba mwanga momwe, ndipo anadyedwa tsiku limodzi pamaliro a bambo wake. Ndinalowa m'tchalitchi, ndinagwada, koma pemphero silinabwere. Chimene chinabwera ndi mkangano. Ndinati, "Ambuye, munatenga awiri aja, ndinakhala chete. Munatenga bambo wawo, ndi mbewu yawo yomwe. Kodi njira imene mukuidziwa ndi ya kunyumba kwa Agnesi yokha?" Ndinakhala pamenepo mpaka mawondo kuchita dzanzi. Potuluka ndinangonena mawu awiri, "Mundisiyire uyu." Sindinamve yankho lililonse, ndipo usiku umenewo Marita anakana ndi madzi omwe.

Patapita masiku angapo, dzuwa lili paliwombo, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala, kumene odikirira odwala tinkaphikira. Marita anali pamiyendo panga, wopepuka ngati nkhuku. Ndinamva munthu akufunsa anthu, "Akazi a Nyali ndi ati pano?" Dzina limenelo ndinali ndisanalimve chimwalirire amuna anga. Nditacheuka ndinaona mayi wowonda, mapazi oyera ndi fumbi, atasenza mtanga wovundikira ndi udzu ndi nsanza. Sindinamuzindikire. Anatula mtangawo, anagwada, nati, "Ndine amake Luwizi. Ndabwera kudzabweza mbewu."

Anafotokoza kuti zaka zoyamba ankangosamukasamuka m'minda ya azungu, mtedza uja akudzala kamzere kamodzi kuseri kwa msasa kuti usathe. Kenaka anapeza malo m'mbali mwa dambo kupitirira Milepa, pachinyontho. Njala itafika, iye anali ndi kankhokwe komata ka mtedza wosaswa, ndipo ndi kamene kanasunga ana ake. Tsiku lina akutapa, mtima unamugunda kuti mwini mbewuyi kaya akudya chiyani. Anasenza mtanga, kuuvundikira kuti anthu anjala angamulande panjira, mpaka kumudzi kwathu. Kumeneko ndiye anamva kuti a Petulo kulibe, ndipo mwana ali kuchipatala. Sanapume, anapitirira.

Ine ndinangouyang'ana mtangawo osaukhudza. Iye anaganiza kuti ndikukayika. Anathyola munga, anaswa mtedza umodzi, anabaya njere, n'kutenga chikuni pamoto wa mayi wina. Anati, "Mapemphero anu aja ine sindiwadziwa, ndinkayesera nyimbo yathu yosinjira. Chaka ndi chaka ndasankha monga anandiphunzitsira. Pempherani inu, muone."

Njere inagwira moto. Ndinayamba Atate Athu, ndipo pofika pa chakudya chathu chalero misozi inayamba kugwa. Ndinamaliza, moto ukuyaka. Ndinanena Tikuoneni Maria yense mpaka Amen, moto ukuyakabe, mafuta akudontha pamunga. Ndinalowa Ulemu kwa Atate. Akhristu anzanga, a Petulo pa moyo wawo wonse sanafikepo pamenepo. Mwana anali ataposa make, monga ankanenera. Ndinamaliza mapemphero onse atatu, kamoto kaja kakuyakabe.

Mumtangamo munali mitolo iwiri. Amake Luwizi anagwira waukulu nati, "Uwu ngwa mwana." Anagwira waung'ono nati, "Uwu ngwa nthaka. Ngakhale zivute bwanji, musasakanize." Tinabwereka mtondo pomwepo, ndipo nditamva munsi ukukakamira ndinachita ngati amuna anga akhosomola kuseri kwa nyumba. Asisitere anatilangiza kuti tisafulumire, tiyambe ndi timadontho ta mafuta m'phala lamadzi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, nsinjiro zibwere pambuyo. Tinagawirako ana ena amene anali pafupi nafe. Sindinama pamaso pa Mulungu, si onse amene anadzuka, ndipo amayi awo ndimawakumbukira mpaka lero.

Marita anameza kasupuni koyamba, n'kusanza. Kachiwiri kanakhala. Kutupa kunayamba kuphwa, khungu linasiya kusupuka. M'mawa wina ndikuchedwa kuziziritsa phala, ndinangomva kukuwa kwa ukali, mwana akulira mokalipa, dzanja likulanda supuni. Amayi inu, palibe nyimbo ya kwaya imene inandikomerapo ngati kulira kumeneko. Ndinavina pakhonde la chipatala, nsalu ikugwa, anthu n'kumati wapenga.

Ndakhala ndikuganiza za nkhaniyi zaka zonsezi. Tsiku limene ndinkakangana ndi Mulungu m'tchalitchi muja, yankho lake linali litanyamuka kale. Linanyamuka tsiku lija a Petulo anadzaza kansengwa, ine ndikuwerengera kuti tataya. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo ine ndinali kuwamva ngati mawu okometsera chabe. Mbewu imene tinaimata mumtsuko, kuisunga ngati diso, ndi imene inatha tsiku limodzi. Imene tinapatsa mlendo wosadziwa ndi Chinyanja chomwe ndi imene inabwerera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandikwiyire chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndikuthokoza asisitere amene anandichotsera manyazi a tsempho. Ndikuthokoza amake Luwizi, amene lero ndimawatcha achemwali, ngakhale mpaka pano amakana kuphunzira mapemphero athu, akuti nyimbo yawo imayesa bwino kuposa ife. Inu amene muli m'mavuto lero, kaya ndi matenda, kaya ndi njala, kaya anthu akukunenani, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale la mawu awiri okha. Mukhoza kuona ngati kumwamba kwatsekeka, pamene wokuthandizani ali kale panjira, mtanga pamutu, akufunsa dzina lanu.

Mtolo waung'ono uja ndinaudzala mvula itabwerera. Chaka chilichonse mtedza ukauma ndimakhala pakhonde ndi sipoko ya a Petulo, ndipo tsopano amene akusekedwa ndine. Aliyense wobwera kudzaonerera samachoka chimanjamanja, ndimamubwereka kansengwa. Mtedza umenewu uli kwa anthu ambiri tsopano, kuyambira kwathu mpaka ku Milepa, ndipo ena mwakhala panomu munatendera nawo dzulo. Achemwali anga aakulu ndinawauza kale kuti tsiku langa likadzafika asadzachite mantha, adzamatule mtsuko, adzatendere, anthu adzadye akhute. Mbewu ya a Petulo sikhalanso mumtsuko umodzi.

Marita, mwana wanga, usabisale kumbuyo kwa anzako. Imirira, anthu akuone.