Ndinkanyoza Mgaiwa Mpaka Chala Changa Chinadulidwa

Moni abale ndi alongo nonse amene mukuwerenga mawu awa, Ambuye akusungeni kulikonse kumene muli. Ine ndine Lefani Chisale wa kuno ku Nsaru, mkulu wa mpingo kwathu. Ndaona kuti kukhala chete n'kulakwa, chifukwa matenda a shuga anandifikitsa pafupi ndi manda, ndipo njira yopita kumeneko ndinailambula ndekha ndi pakamwa panga.

Ntchito yanga ndi ya chigayo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikukonola ndi kugaya chimanga cha anthu pamsika wathu. Ndinakulira m'nyumba yosauka, ndipo chaka china cha njala tinadya nsima ya madeya mpaka khungu linatuwa. Kuyambira pamenepo ndinalumbira mumtima kuti ndikadzapeza bwino, ufa wakuda sudzalowa pakhomo panga. Kwa ine mgaiwa unali chakudya cha akaidi ndi anthu ogonja. Bonongwe ndi chisoso ndinkati ndi udzu wa mbuzi.

Mulungu atandidalitsa ndi chigayocho, ndinayamba kudya mobwezera. M'mawa ndinkamwa tiyi wothira masupuni anayi a shuga, ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Masana ndinkatuma chipisi cha pachiwaya ndi kanyenya, n'kutsitsira botolo la chakumwa chotsekemera, nthawi zina awiri kukatentha. Kunyumba mkazi wanga, Nabanda, ankadziwa kuti ufa uyenera kukhala woyera mbee, ndipo ndiwo zikhale zosambira m'mafuta. Mimba itayamba kutsogola, anthu ankati a Chisale zawayendera. Ine ndinkamva kukoma ndi mawu amenewo.

Mkulu wanga, a Yosefe, anamwalira ndi matenda omwewa. Anayamba kudulidwa phazi, kenako mwendo, ndipo anatisiya ali munthu wowawidwa mtima, wosafuna kuona wina aliyense. Ndinawanyamula ine kupita nawo kumanda, koma sizinandiphunzitse kanthu. Ndinkati zimenezo zinali zawo.

Zanga zinayamba ndi ludzu losatha. Ndinkamwa madzi ngati ng'ombe koma kukhosi kuli gwa, ndipo ndinkangokhalira kupita kuseri. Thupi linayamba kutha lokha, thalauzi n'kumavuka. Sabata lina ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo kuti ndiwerenge Salimo, koma zilembo zinangosakanikirana ngati nyerere. Ndinaima pamenepo mpaka mkulu mnzanga anabwera n'kundilanda Baibulo mwaulemu. Manyazi a tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Kuchipatala chathu chaching'ono anandiyeza magazi n'kundiuza kuti shuga wakwera kwambiri, ndipo magazi akuthamanganso. Anandipatsa mapiritsi, namwino n'kundikhazika pansi kundifotokozera zoyenera kudya ndi zoyenera kusiya. Ndinavomera ndi mutu wokha. Abale anga, ndikuuzeni zoona, mapiritsi aja ndinkawamwera tiyi yemwe uja wa masupuni anayi. Nabanda akayesa kulankhula, ndinkamuuza kuti sindinagwire ntchito zaka zonsezi kuti ndizidya ngati wamasiye.

Tsiku lina ndinaponda kawaya kuchigayo koma sindinamve kalikonse. Anaona ndi Nabanda nditafika kunyumba, kuti patapata wanga wadzaza magazi. Kabala kake kanali kakang'ono pansi pa chala chachikulu, moti ndinangomangapo kansalu. Patatha milungu iwiri kabala kaja kanasanduka chilonda, chala chinada bii, ndipo fungo lake linkandithawitsa ine mwini wake. Ananditumiza kuchipatala chachikulu mumzinda, ndipo kumeneko chala chija anachidula. Ponditulutsa dokotala sanandibisire. Anati shuga akapanda kutsika, chilonda sichipola, ndipo chotsatira ndi phazi.

Ndinabwerera kumudzi ndili munthu wina. Chigayo ndinachisiya m'manja mwa mlamu wanga, ine n'kumangokhala pamphasa pakhonde, phazi nditaika pa mpando, kumaingitsa ntchentche. Chilonda chinkatuluka madzi osaleka. Nabanda ankanditengera kuchipatala pa njinga ya kabaza kukatsukitsa, ndipo ulendo uliwonse namwino akamasula bandeji ndinkayang'ana nkhope yake. Nkhope yakeyo inkandipweteka kuposa mankhwala otsukira.

Amayi a Mvano ankabwera kudzandiona, Mulungu awadalitse. Koma akayamba kuimba, makutu anga ankamva nyimbo za pamaliro. Achibale ena anabwera ndi mabotolo a zitsamba, ena n'kumanong'ona kuti wandiponda ndi mwini chigayo china cha kutsidya kwa msewu. Ndikuvomereza pamaso panu kuti ine, mkulu wa mpingo, ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Kunali kosavuta kuda munthu wina kusiyana ndi kuvomera kuti mfiti yanga inali mbale yanga.

Nabanda anayesa kutsatira zomwe namwino ananena. Anaphika nsima ya mgaiwa, koma popeza sanazolowere, inatuluka yamibulu ndiponso yosapsa bwino. Ndinakankha mbale ija mpaka inagwa pansi, ndipo iye anatola zonse. Ndinamumva akulira kuseri kwa khitchini. Kuyambira pamenepo masiku ena sindinkadya n'komwe, masiku ena ndinkapempha odutsa kuti andigulire mandasi mobisa. Ndinkadziuza kuti poti ndikufa kale, bola ndife pakamwa pali potsekemera.

Kupemphera ndinasiya. Baibulo sindinkatha kuliona, ndipo Mulungu ndinkamuona ngati wanditembenukira msana. Ndikatseka maso ndinkaona a Yosefe atakhala pa mpando wawo uja, thalauzi lopinda mbali imodzi. Tsiku lina ndinaitana Nabanda n'kumuuza nyimbo yoti adzaimbe pa maliro anga, ndiponso kuti jekete langa la pa Mgonero adzapatse mlamu wanga. Iye anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Bambo a Tamanda, mwatopa nane eti?” Chimene ndinatopa nacho chinali moyo.

Ulendo wotsatira kuchipatala anatiuza kuti chilonda chayamba kulowera chapakati pa phazi. Anatipatsa mwezi umodzi kuti tikaonanenso ndi dokotala wa mumzinda, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake.

Mawa lake kunali maliro m'mudzi woyandikana nafe, ndipo anthu onse anapita, Nabanda yemwe. Ndinatsala ndekha pakhonde dzuwa lili paliwombo, nyimbo za kumaliroko zikumveka chapatali. Pamenepo mtima wanga unasweka, ndinalira mokweza ngati mwana. Pemphero lomwe linatuluka silinali la mkulu wa mpingo. Ndinangoti, “Ambuye, sindikudziwanso chopempha. Ndadziwononga ndekha. Ngati mukadali ndi ntchito ndi ine, nditumizireni munthu, chifukwa pandekha ndalephera.”

Palibe chinachitika tsiku limenelo. Chilonda chinali chomwecho, ntchentche zinali zomwezo.

Patapita masiku awiri, pakhomo panga panafika anthu amene sindikanawaganizira. Anali a Jafali, Msilamu amene ali ndi golosale pafupi ndi chigayo changa, pamodzi ndi akazi awo, Abiti Saidi. Nditawaona ndinafuna kulowa pansi. Mayi amenewa ankabwera kuchigayo mwezi ndi mwezi ndi chimanga chosakonola, mawere ndi mapira, ndipo ine ndinkawaika kumapeto kwa mzere n'kumati ufa wawo umadetsa sefa. Ndinkawaseka pamaso pa anthu kuti abwera ndi chakudya cha nkhuku. Iwo ankangomwetulira n'kudikira.

Titapatsana moni, a Jafali sanachulutse mawu. Anavula nsapato ndi sokosi ya kumanzere n'kuika phazi lawo pafupi ndi langa. Panalibe zala ziwiri, koma pamalopo panali chipsera chouma bwino, chosalala. Zaka zonsezi ndinkagula zakumwa m'golosale mwawo, osadziwa chimene chinali m'nsapato imeneyo.

“A Chisale, njira mukuyendayi ndinadutsamo ine,” anatero a Jafali. “Nanenso anandipatsa tsiku lokadula phazi. Za m'mashelefu mwangamo ndimagulitsa, koma pakamwa panga sizifika. Mankhwala ndimamwa, kuchipatala sindijomba, ndipo ndimadya zomwe ankadya makolo athu. Kodi mungalole kuti mayiwa athandizane ndi akunyumba kwanu?”

Ndinagwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsika.

Abiti Saidi anabwera mawa lake m'mawa ndi kathumba ka ufa wawo, ndipo anabweranso masiku ambiri otsatira. Analowa m'khitchini ndi Nabanda n'kumuonetsa kuti mgaiwa umafuna kuupatsa nthawi pamoto. Anapita naye kudimba kukathyola bonongwe, luni ndi chisoso, zomwe tinkazizula n'kutaya ngati tchire. Anamuphunzitsa kutendera nkhwani ndi nsinjiro m'malo mothira mafuta, kuphika nzama ndi khobwe, ndi kuwiritsa usipa ndi tomato basi. M'mawa kunali kaphala ka mawere kopanda shuga, kapena dzira lowiritsa la nkhuku zathu zomwe. Chimene chinandiwawa kwambiri chinali muyeso. Mtanda umodzi waung'ono, ndiwo zamasamba n'kudzaza mbale. Nabanda anakafotokozera namwino zonsezi, ndipo namwino anati ndi zomwe ankatiuza kuyambira pachiyambi.

Mbale yoyamba ndinaidya chifukwa cha manyazi, poti mayi amene ndinkawanyoza anali atakhala pomwepo. Musaganize kuti zinakoma. Milungu yoyamba mutu unkandiwawa, ndipo ndinkakwiya ndi chilichonse. Ndinkamva fungo la mandasi ngakhale pamene panalibe wokazinga. Tsiku lina ndinagonja, ndinatuma munthu wodutsa kukandigulira botolo la chakumwa n'kulibisa pansi pa mphasa. Nabanda analipeza lisanatsegulidwe. Sanakalipe, anangoliika patsogolo panga pafupi ndi phazi lomanga lija n'kunena kuti, “Sankhani nokha.” Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinamuuza kuti akalitaye.

Sabata lachitatu, namwino atamasula bandeji anaweramanso kachiwiri kuti aonetsetse. Anati m'mbali mwa chilonda mwayamba kutuluka mnofu wofiira, ndipo shuga watsikako. Sindinafune kusangalala msanga, ndinali nditazolowera nkhani zoipa. Tsiku la dokotala wa mumzinda litakwana, tinanyamula chikwama cha zovala poganiza kuti andigoneka. Dokotala anayang'ana phazi, anayang'ana zolemba za m'buku langa la kuchipatala, n'kundifunsa chimene ndasintha. Nditamufotokozera anati phazi alisiya kaye, ndipitirize zomwezo ndipo mankhwala ndisasiye. Nabanda anakhala pansi pomwepo m'chipindamo n'kuyamba kuthokoza Mulungu mokweza, osasamala za anthu.

Chilonda chinatenga miyezi ingapo kuti chitsekeke chonse. Sindikunamizani kuti ndinachira kotheratu. Shuga ndikadali naye, mapiritsi ndimamwa tsiku lililonse, ndipo maso anga sanabwerere mwakale, ndimawerenga ndi magalasi. Chala chija sichidzameranso. Masiku ena mtima umalakalakabe zakale, makamaka pa ukwati pamene mabotolo akudutsa. Koma phazi ndili nalo, ludzu lija linatha, ndipo ndinabwerera kuchigayo.

Nditayamba kuyenda, ulendo wanga woyamba unali wa kwa a Jafali kukapepesa kwa Abiti Saidi. Ndinawauza kuti ndinawalakwira pamaso pa anthu ambiri. Iwo anaseka n'kunena kuti, “Zija zinapita kale, bambo. Matenda sasankha wa kumzikiti kapena wa kutchalitchi, nanga ife tisankhirenji?”

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la munthu wouma mutu. Ndikuthokoza mkazi wanga amene anatola mbale yomwe ndinataya n'kuphikanso mawa lake. Ndikuthokoza banja la a Jafali, anamwino amene sanatope nane, ndi mpingo umene unandipempherera pamene ine ndinali nditaleka.

Inu amene mwakhala pamphasa lero, mwina mwauzidwa mawu owopsa ngati amene ndinauzidwa ine, musafulumire kusankha nyimbo ya pa maliro anu. Pitani kuchipatala, imwani mankhwala monga akuuzirani, ndipo musachite manyazi ndi zakudya zomera m'munda mwanu. Zidzakuvutani poyamba, mudzagwa, koma dzukaninso. Pempherani ngakhale mawu atakhala ochepa, ndipo wina akagogoda pakhomo musayambe mwafunsa kumene amapemphera. Mvula yapitayi ndinalima ndekha mizere ya nzama kuseri kwa nyumba. Ndikuyenda ndi zala zisanu ndi zinayi, ndipo zikundikwanira kufika nazo kumunda ndi kunyumba ya Mulungu.

Ambuye akugwireni dzanja monga anandigwirira ine. Ameni.