Mawu a amayi anali m'chipinda chotseka

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Thyolo ndi inu amene mukuwerenga muli kutali. Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale ya pa esiteti ina ya tiyi. Umboni wanga ndi wa masabata atatu amene ndinakhala ndikulira kuti mawu a malemu amayi anga atayika, ndipo wowataya ndi mwamuna wanga.

Kunyumba kwathu laputopu ndi imodzi, koma ili ndi mbali ziwiri. Mukaiyatsa imafunsa ngati mulowe ku Windows kapena ku Linux. Mwamuna wangayo, bambo a Chisomo, omwe ndi kalaliki ku fakitale, amalowa ku Windows. Ine ndinazolowera Linux ku maphunziro ena a aphunzitsi, ndipo ndinaikonda pa chifukwa chimene sindinkanena: munthu ali ku Windows saona zosungidwa ku Linux. Ndinali ndi kachipinda kangakanga.

M'menemo ndi momwe ndinasunga mawu a amayi. Iwo anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo chaka chimene ankadwala ndinkawajambula pa foni akuimba nyimbo za Chilomwe za kumunda, akusimba za makolo athu ochokera ku Mozambique, pena akungondikalipira. Foni ikadzaza ndinkakopera mu laputopu n'kufufuta mu fonimo. Atamwalira sindinalimbe mtima kumvetsera zonse. Ndinangolonjeza achimwene anga ku Nsabwe kuti tsiku la chiliza abale adzamvanso mawu awo.

Ndiye mbali ya bambo a Chisomo inagwidwa ndi vairasi. Osandifunsa, anatengera laputopu kwa wokonza wina ku Luchenza, amene anaikamo Windows yatsopano. Nditaiyatsa, funso lija kunalibe. Inangolowa ku Windows mwachindunji, ngati Linux sinakhalemo ndi kale lomwe. Ndinazimitsa, kuyatsanso, mpaka kasanu.

"Mwanditayira amayi anga!" ndinakuwa.

"Ine ndikanadziwa bwanji, mayi a Chisomo? Munandiuza?"

Ankanena zoona, ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa zinali zoona. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinasiya kuwalankhula, kupatula za mchere ndi sopo. Zinali ngati amayi amwalira kachiwiri, ndipo achimwene akaimba foni kufunsa za chiliza ndinkangoti zonse zili bwino.

Lachinayi lina, ku mapemphero a amayi ku tchalitchi, ndinalephera kudzigwira ndipo ndinapempha kuti andipempherere. Ambiri sanamvetse vuto langa. Mayi wina wachikulire anangoti, "Ambuye, matenda a kompyuta ife sitiwadziwa, koma Inu mumadziwa zonse, ichizeni." Ena anaseka pang'ono, ine ndinati ameni ndi mtima wonse.

Potuluka anandiimitsa Mayi Nyirenda, mphunzitsi wa makompyuta amene anali atangobwera kumene ku sekondale kuchokera ku Rumphi. Ndivomereze tchimo langa: ndinkawayesa onyada chifukwa salankhulalankhula. Anandifunsa ngati wokonzayo anafufuta disiki yonse kapena mbali ya Windows yokha. Sindinkadziwa. Anati, "Musakhudze chilichonse mpaka Loweruka. Ikakufunsani zofomata, ndiye kuti kufufuta zonse, mukane."

Nditafika kunyumba ndinalankhula ndi bambo a Chisomo koyamba ngati munthu. Apo m'pamene anandiuza kuti anaona chigawo china cha disiki chimene Windows sinkachizindikira, ndipo mnzawo ku ofesi anawalangiza kuti achifomate apeze malo. Chala chinali kale pa batani, koma anati, "Ndinaopa. Ndalakwa kale kamodzi." Abale, ndani anagwira chala chimenecho?

Loweruka m'mawa Mayi Nyirenda anafika pa kabaza ndi fulashi yokhala ndi Linux. Anayatsira laputopu pa fulashiyo, anatsegula chigawo chija, ndipo foda yolembedwa "Amayi" inali pompo, yonse yathunthu. Ndinakhala pansi pa simenti. Anafotokoza kuti Windows yatsopano inangochotsa funso la poyatsa lija, chipinda changa sichinagumulidwe, chinangosowa chitseko. Anabwezeretsa funsolo.

Sanalekere pomwepo. Atakopera zonse pa fulashi ina, anapatula chigawo chachitatu chimene Windows ndi Linux zonse zimatha kuwerenga, n'kusamutsiramo zithunzi, makalata ndi mawu a amayi. Anandiuzanso kuti Windows tiziitseka kwathunthu, osangoigoneka, apo ayi Linux imakana kulemba m'chigawocho. Kenaka anandiyang'ana n'kuti, "Amayi anuwa anali a inu nokha?"

Pofuna kuyesa, Mayi Nyirenda anauza bambo a Chisomo kuti alowe ku mbali yawo. Foda ija inaoneka. Bambowo anatsegula fayilo imene dzanja lawo linagwera, imene ngakhale ine ndinali ndisanaimve. Zikuoneka kuti tsikulo ndinasiya foni ikujambula n'kupita kukatunga madzi, amayi n'kutsala akucheza ndi mng'ono wawo.

Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi sachezerana. Zaka zonse amayi sanalankhulepo ndi bambo a Chisomo koposa moni, atayang'ana kumbali. Koma apa mawu awo anamveka bwinobwino: "Mkamwini wangayu ndi munthu. Anandikweza pa njinga mpaka ku chipatala ku Boma, iye akukankha wapansi zitunda zonse zija. Mwana wangayu ndi wa mkamwa, koma anapeza mwamuna. Usakamuuze mkamwiniyo, angatupe."

Bambo a Chisomo anavula magalasi, n'kutuluka panja. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akulira, ndipo ndinagwada n'kupepesa.

Tsiku la chiliza abale onse anamva amayi akuimba. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wosadziwa kompyuta, natumiza munthu amene ndinkamunyoza mumtima. Inu amene mukuona ngati chanu chatayika, musafulumire kufufuta, ndipo musaleke kupemphera. Ine ndinkapempha kuti ndimvenso mawu a amayi. Sindinkadziwa kuti m'chipinda ndinatsekacho munali mawu amene mwamuna wanga anawadikira zaka zonse.