Mayi Esitele Makwinja, amene anakana kutseka pakamwa

Malemu amene tabwera kudzawaperekeza lero, Mayi Esitele Makwinja, a Nambewe, anabadwa pa 9 Juni 1953 kuno ku Chiosya, m'boma la Mchinji. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine Jonasi Mbewe, mlongo wawo wamkulu, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Mukamva mawu anga akukwera musadabwe. Chisoni ndili nacho, koma zimene zalembedwa papepalali munthu sangaziwerenge monong'ona.

Sukulu anayamba mu 1961, koma analekeza Sitandade 2 chifukwa mayi athu anadwala nthawi yaitali ndipo panalibe wina wogwira ntchito zapakhomo. Choncho anakula osadziwa kuwerenga. Mu Sepitembala 1972 anakwatiwa ndi Bambo Timoteyo Makwinja a ku Phalombe, amene anabwera kuno kudzalima fodya ngati tenanti pa esiteti ina kumtundaku. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi awiri, ndipo awiri anatsogola ali aang'ono. Zaka zoposa makumi awiri malemu anali mayi wachete, wolimbikira kumunda, wodziwika ndi zitumbuwa zimene ankagulitsa pamsika wa Kamwendo. Akanati amwalire nthawi imeneyo, mbiriyi ikanathera pomwepa.

Koma mu Ogasiti 1993 ku Kamwendo kunachitika msonkhano wa chitsitsimutso. Malemu anapitako ndi dengu lawo poganiza kuti pagulu pamakhala malonda. Anabwerako madzulo dengu lili lodzaza, osagulitsa ngakhale chitumbuwa chimodzi, akuimba njira yonse. Anauza amuna awo kuti apeza Yesu. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 41, analembetsa sukulu ya kwacha kuti azitha kudziwerengera okha Baibulo. Mutu wachitatu wa Yohane anaumaliza tsiku lathunthu, chala chili pamzere, thukuta lili kamukamu. Chinalinso chaka chimene zipani zambiri zinayamba, aliyense akuima pamsika kutamanda chipani chake. Malemu anati ngati pakamwa pa anthu patseguka, nawonso ali ndi woti amutamande.

Anayambira pa esiteti pomwepo. Amayi akamasoka fodya m'chigafa, iwo ankatsegula Baibulo n'kumawawerengera pang'onopang'ono, monga momwe ankathera. Ena ankaseka. Ena ankasuntha n'kukakhala kutali. Koma pofika 1996, Lamulungu lililonse m'mawa mabanja khumi ndi awiri ankasonkhana kuseri kwa nyumba yawo, ndipo sankapita kumunda mpaka mapemphero atatha. Manijala wa esitetiyo anawachenjeza kawiri. Malemu anamuyankha mwaulemu kuti masiku asanu ndi limodzi ndi a bwana, ndipo adzawagwirira ndi mtima wonse, koma m'mawa wa Lamulungu uli ndi mwini wake. Mu Febuluwale 1997, mvula ili pakati, fodya amene anamuvutikira chaka chonse asanathyoledwe, thirakitala inanyamula katundu wawo n'kukamutsitsa m'mbali mwa msewu. Bambo Makwinja ali apawa, akukumbukira. Ana ankalira, mphasa zitanyowa, koma mayi awo anakhala pamtolo wa zovala n'kuyambitsa nyimbo.

Tsopano ndafika pa gawo limene abale ena anandipempha kuti ndilidumphe. Sindilidumpha. Banjali litabwerera kuno kumudzi, munthu amene anawazunza kwambiri malemu ndinali ine. Ndinaitanitsa abale onse, ndipo pamaso pawo ndinati alongo anga atichititsa manyazi, aphetsa ana ndi njala chifukwa cha pakamwa. Ndinati munda ndiwapatsa pokhapokha atalonjeza kuti asiya kulalikira. Iwo anagwada, monga mwa ulemu wawo, n'kunena kuti: "Achimwene, munda ndi wanu, mutha kundimana. Koma pakamwapa ndinapereka kale, si panganso." Ndinawamanadi. Analima dimba lobwereka kudambo. Zaka zinayi sindinaponde pakhomo pawo, ndipo chakudya chimene ankanditumizira ndinkachibweza chisanavundukulidwe.

Kodi mukuganiza kuti anafooka? Ayi ndithu! M'malo mwake anakayamba kulalikira pamsika wa Kamwendo. Tsiku la msika ankayala zitumbuwa zawo, dzuwa likafika pamutu n'kuimirira. Kumbukirani kuti masiku amenewo mayi kuima pagulu ndi Baibulo chinali chinthu chachilendo. Anthu anawatcha openga. Anawagenda ndi tomato wowola, anawathira matope. Mu Okutobala 1998 munthu wina woledzera anaponya mwala umene unawagulula mano awiri akutsogolo. Tonse tinati basi, zathera pomwepa. Tsiku la msika lotsatira anali pamalo pawo, milomo itatupa, akuuza anthu kuti mawu a Mulungu tsopano apeza mpata wotulukira bwino.

Tsiku limenelo ndi pamene Bambo Bakari, mwini sitolo ya nsalu pafupi ndi siteji ya minibasi, anatuluka n'kuwaitana kuti aziima pakhonde pawo. Bambo Bakari ndi Msilamu, ndipo ndi Msilamu mpaka lero. Anauza anthu kuti sagwirizana ndi zonse zimene mayiyu amanena, koma munthu wotchula dzina la Mulungu sagendedwa iwo akuona. Zaka pafupifupi khumi malemu analalikira pakhonde limenelo. Akamaliza ankatembenukira mwini khonde n'kumuuzanso za Yesu, iye n'kuwauza za chikhulupiriro chake, kenako n'kumwa tiyi. Palibe amene anagonja, ndipo palibe tsiku limene anasiyana atakwiyirana.

Mu 2001 mwana wanga Benedicta anabwera kuchokera ku Chipata, kumene anakwatiwa, akudwala matenda aja amene nthawi imeneyo tinkaopa ngakhale kuwatchula. Anthu anasiya kubwera kwathu. Ineyo, bambo wake, ndinkaima pakhomo osalowa. M'mawa wina ndinaona alongo anga akubwera ndi beseni ndi sopo. Sanandipemphe chilolezo. Anangoti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" n'kulowa. Miyezi isanu anamusambitsa Benedicta, kumuchapira, kumudyetsa phala ndi supuni, kumuwerengera Masalimo. Mwana amene anabwera akutukwana aliyense anamwalira mu Novembala akupemphera, mutu uli pamiyendo pa azakhali ake. Pa miyezi yonseyo malemu sanandilalikire ngakhale liwu limodzi, ndipo za munda uja sanazitchule. Munda ndinakawapatsa ndekha maliro atatha. Koma mtima wanga ndi wouma, sindibisa: panapitanso chaka ndi theka. Pa 20 Epulo 2003, tsiku la Pasaka, ndinabatizidwa ndili ndi zaka 55. Amene munalipo mukudziwa mmene mayiwa anavinira. Chitenje chinachita kumasuka, amayi a mumpingo n'kumawathamangira kuti awamange!

Kuyambira pamenepo ntchito inakula. Mu 2005 nyumba yopemphereramo imene mukuionayi inafoleredwa malata, ndipo ambiri mwa amene anaumba njerwa zake ndi matenanti amene anamva mawu koyamba m'chigafa muja. Malemu ankawolokanso malire pa njinga kukachezera midzi ya ku Zambia. Kwina ankawalandira, kwina ankawabweza asanatsike n'komwe. Akabwezedwa ankabwera akuseka, n'kunena kuti kumeneko n'kofunika kupitanso.

Mu Meyi 2007 anadwala matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa. Kulankhula kunayamba kuvuta. Komabe ankaumirira kuti awakweze kabaza tsiku la msika, akakhale pampando pakhonde paja, aziimba. Pa 3 Ogasiti chaka chino cha 2008 matenda anakula, ndipo tinawatengera ku chipatala cha boma ku Mchinji. Loweruka lapitali ndinakawaona. Anandikodola, ndinawerama, ndipo movutikira anati: "Achimwene, pamaliro panga padzabwera anthu amene akhala akundithawa zaka zonsezi, ndipo pamaliro munthu sanyamuka mwambo usanathe. Musadzataye mwayi umenewo. Mudzawauze kuti Yesu amawakonda." Atatero anaseka mpaka kutsokomola. Anatisiya Lachiwiri, pa 12 Ogasiti, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 55.

Asiya amuna awo, Bambo Timoteyo Makwinja, amene anataya ntchito chifukwa cha chikhulupiriro cha akazi awo koma sanawanyozepo. Ana asanu, Maliko, Loveness, Innocent, Anasi ndi Tionge. Zidzukulu khumi ndi zinayi. Mng'ono wawo mmodzi, ndi ine mlongo wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a mumpingo amene sanatisiye tokha, adzukulu amene akonza manda, mafumu athu, ndi abale a ku Zambia amene mwapalasa njinga kuyambira mbandakucha. Bambo Bakari, galimoto yanu ndi imene yabweretsa thupi kuchokera ku boma, ndipo mwatseka sitolo masiku awiri. Mulungu akudalitseni.

Tsopano tayang'anani mmene mwadzazira! Ena mwakhala mpaka m'munda mwa mtedza, ena mwaima kumsewu. Alipo pano amene munawaseka, alipo amene munawagenda, ndipo amene anawamana munda ndi uyu akuwerengayu. Palibe amene akukuthamangitsani, ndipo malemu sanapite ndi mangawa a munthu. Anangondituma mawu amodzi, ndipo ndikuwapereka pamaso pa nonse: Yesu amakukondani.

Alongo anga, uthenga wanu ndafikitsa, ndipo palibe amene wanyamuka. Pitani mukapume mumtendere kwa Ambuye amene munawatumikira.