Kamtumbira ka pa Geti

Lachitatu pa 3 February 2021, mzinda wa Perth uli pa lokidauni ya masiku asanu chifukwa cha mliri wa kolona, Aloysius anachotsa masipuling'i a galimoto yake m'galaja ku Bentley n'kuikamo aafupi. Galimoto inatsika ndi mamilimita 35, ndipo pa 1:20 masana inakakamira pa kamtumbira ka simenti ka pa geti, iye akuperekeza mkazi wake Sellina, amene amayamba shifiti 2 koloko kunyumba yosamalira okalamba ku Cannington.

Khwee! Kumimba kwa galimoto kunalira.

"Bambo a Atikonda, yathyoka."

"Sinathyoke. Yatsika."

"Waitsitsa ndani?"

"Ine. Mwadala."

"Mwaiwononga mwadala?"

"Iyayi, mayi! Ndi sitayilo imeneyi. Ndinayeza ndi tepi m'mawa, pansipo panali mpata wa zala ziwiri."

"Poyezapo munali m'kati?"

"Ndikanayeza bwanji ndili m'kati?"

"Ndiye munayeza galimoto yopanda anthu," anatero Sellina. "Kuntchito imapita ndi anthu."

Aloysius anakanda pamutu. Usiku uwiri wa mavidiyo a pafoni komanso chala chimene anapweteka ndi sipanala sizikanapita pachabe choncho.

"Masipuling'i alibe mlandu. Vuto ndi katundu. Tatsikani pang'ono."

Sellina anatsika, naima pambali atakumbatira chikwama. Aloysius anabwerera m'mbuyo, nayesanso.

Khwee!

"Ine ndili panja," anatero Sellina. "Nthawi ndi 1:31."

"Ndikuona!"

Anatsegula buti. Anatulutsa jeke, bokosi la zida, mpando wa mwana, kenako tayala la sipeya.

"Sipeyanso? Nanga tayala likaphulika?"

"Silingaphulike."

"Zoona. Poti siikuyenda."

Aloysius analuma mano, nakwera, nayesa kachitatu, chopingasa.

Khwe.

"Mwamva? Mwamva? Kulira kwachepa!"

"Okalamba khumi ndi anayi akudikira mankhwala a 2 koloko. Ndiwauze kuti kulira kwachepa?"

"Itanani anzanu akutengeni."

"Dinnah ali kale pa shifiti. Prisca akudikira zotsatira za kolona, saloledwa kutuluka. Inu mwati vuto ndi katundu?"

"Eya, katundu."

"Watsala mmodzi."

Aloysius anacheuka kumpando wakumbuyo. Munalibe kanthu, ngakhale ambulera.

"Uti?"

"Sikelo ya m'bafa Lamlungu inati 96."

"Aaa, sikelo imeneija ndi yabodza!"

"Matendawa asanabwere inkati 84. Simunaitsutse."

"Mayi a Atikonda, galimoto iyi ndaigona pansi masiku awiri. Botolo lililonse la oyilo ndimathira ndine. Singandikane ine!"

"Sinakukaneni. Yangolira. Nthawi ndi 1:44."

Sellina anatsegula chitseko cha dalaivala, naima phee ngati mmene amaimira wodwala akamakana kumeza mapiritsi. Aloysius anapirira masekondi khumi. Kenako anatsika akung'ung'udza.

Sellina anakhala, nakokera mpando kutsogolo, nakonza masiki. Matayala akutsogolo anakwera kamtumbira. Akumbuyo anatsatira. Zii, osamveka kanthu.

Aloysius analumpha, akuomba m'manja.

"Mwaona? Ndinakuuzani! Masipuling'i alibe vuto!"

"Munanena zoona, bambo," anatero Sellina, atatsitsa windo. "Mwandikonzera bwino galimoto yanga, zikomo. Lolemba popita kuntchito kwanu ku Welshpool mudzakwere basi."

Anafika kuntchito 1:57.

Aloysius anatsala pa geti ndi sipeya, jeke ndi mpando wa mwana. Akulongedza, anapeza kapepala m'katoni ya masipuling'i. Panalembedwa kuti pakatha masabata awiri, masipuling'i akakhazikika, galimoto imatsikanso ndi mamilimita asanu mpaka khumi. Anakapinda kanayi, nakaika m'thumba. Sellina sanakawerengebe.