Matumba amene ndinasenzetsa Esinati

Abale anga mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa. Ndine Nambewe, uja wogula kachewere pa Chimbiya.

Bizinesi yanga inakula msanga. Ndinkagula kachewere kwa alimi a m'mapirimu n'kumatumiza pa lole ku Lilongwe. Ku shedi ndinali bwana. Kunyumba ndinali mayi. Ku Mphakati, gulu lathu la mapemphero la mumpingo, anandisankha kukhala wapampando wa amayi. Ndinkadzitama kuti sindisakaniza zinthu, ntchito payokha, mapemphero pawokha. Lamulungu ndinkagwada, Lolemba n'kumatukwana.

Antchito anga ndinkangowaitana kuti "iwe". Wochedwa ndinkamubweza anzake akuona. Wodwala ndinkamuuza kuti shedi si chipatala.

Panali mayi wina wa mu Mphakati wathu womwewu, dzina lake Esinati. Mwamuna wake anamusiya ali ndi pakati, n'kupita ku Joni, osamvekanso. Ndinamulemba ntchito yosankha kachewere, ndipo ndinkauza aliyense kuti ndamuchitira chifundo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira lole inafika anyamata osenza matumba atachepa. Dalaivala ankangoliza hutala. Ndinalamula kuti amayi onse asenze. Esinati anabwera pafupi, nagwada, nandinong'oneza kuti msana ukumupweteka kuyambira m'mawa. Ine ndinayankha mokweza kuti onse amve.

"Mimbayo ndinakupatsa ndine? Ngati watopa, njira ndi iyo."

Anadzuka n'kukasenza. Lole itadzaza ndinamuona atakhala kuseri kwa shedi, atagwira m'chiuno. Ndinamudutsa ndikuyankhula pafoni.

M'mawa mwake tinamva kuti wapita padera ndipo ali kuchipatala. Atatuluka, amayi a ku Mphakati anati ine wapampando ndiwatsogolere kukamupepesa. Ndinavala chitenje cha mpingo, ndinatenga kolona ndi shuga. Abale, ndikunena pamaso pa Mulungu, m'njira monse ndinkakonza mawu a pemphero. Za matumba zija sizinandibwerere n'komwe. Kwa ine zinali za ku shedi.

Tinamupeza atagona pamphasa, atayang'ana kukhoma. Pambali pake panali amayi ake, amene anabwera kuchokera ku Mphunzi. Nditangoyamba chizindikiro cha mtanda, iwo anakweza dzanja.

"Pepani amayi, ndifunse kaye. Mwabwera ngati ndani? Ngati ndinu a ku Mphakati, khalani. Ngati ndinu abwana aja, tulukani. Koma maso angawa akuona munthu mmodzi."

Palibe anandiikira kumbuyo. Amayi anzanga anangowerama, ndipo ndinazindikira kuti onse ankadziwa kale za matumba aja. Ndinatuluka kolona ili m'manja.

Kuyambira pamenepo pemphero linandikanika. Ndikati nditsegule pakamwa, ndinkamva mawu anga a ku shedi aja. Ndinayambanso kuona kuti ndikalowa m'nyumba mwanga, ana amasiya kuseka. Nditafunsa mwana wanga wamkulu, anazengereza, kenako anandiuza kuti iwo amakhala ndi bwana, ndipo anasiya kalekale kuona mayi.

Ndinathamangira kwa bambo mfumu kukalapa. Ndinalira ngati mwana. Anandiuza kuti Yesu wandikhululukira, koma ndisakakamize Esinati kuti nayenso atero. Udindo wa ku Mphakati ndinautula sabata yomweyo.

Esinati anali atabwerera kwawo. Ndinamutsatira ku Mphunzi, ndinagwada pabwalo, ndinanena zonse mosabisa. Anandimvetsera mpaka kumaliza. Kenako ananyamula ndowa napita kumjigo. Mpaka lero sanandiyankhe, ndipo sindimuimba mlandu. Mwana wake ali m'nthaka chifukwa cha pakamwa panga.

Bizinesi sindinasiye. Koma tsopano lole imadikira. Mayi woyembekezera sanyamula kanthu pa shedi panga. Ukali umabwerabe, sindinama, koma ukafika pakhosi ndimauzindikira, ndimatuluka panja n'kuitana dzina la Yesu.

Ndikutamanda Ambuye chifukwa sananditaye. Anandichititsa manyazi pamaso pa anthu kuti andipulumutse. Atamandike mpaka muyaya.

Inu amene muli ndi anthu pansi panu, kaya m'sitolo, kaya kumunda, kaya wantchito mmodzi wa pakhomo, musadikire kuti wina akuuzeni mmene mulili. Pemphani Yesu akuonetseni yekha. Bwerani kwa Iye lero, wina asanavulale m'manja mwanu.

Amen.